Asodzi a ku Kizimkazi anaika pansi mikondo, koma apomboo sanapumebe

Anthu ambiri a m'dziko lino amene amapita ku Dar es Salaam kukagula katundu pa msika wa Kariakoo, kapena kukalandira magalimoto ao pa doko, amabwerera kuno kwathu asanabviike ngakhale cala cimodzi m'nyanja ya mcere. Amangoiona patali, nati m'mtima mwao zosewera za m'nyanja nza alendo olemera a ku Ulaya. Komatu kucokera pa doko lomwelo, sitima ya pamadzi yothamanga imatenga maola awiri okha kufika pa cisumbu ca Unguja, cimene ife timangoti Zanzibar, ndipo kumeneko mphunzitsi, namwino kapena kalaliki amene anasungako pang'ono angathe kukwera bwato m'mawa, kusambira, kuona nsomba m'nyumba zao pansi pa madzi, kuona nyama ya m'nyanja imene Aswahili amaichula pomboo ndipo Azungu amati dolphin, nabwerera kumtunda dzuwa lisanalowe.

Maulendo otere a tsiku limodzi acuruka kwambiri, ndipo mitengo yake yatsika cifukwa mabwato ndi ambiri ndipo alimbirana alendo. M'nkhani ino tifuna kufotokoza m'mene maulendowa amayendera, zimene munthu wocokera ku dziko lopanda gombe ayenera kudziwa asanaponde m'bwato, ndiponso amene amalipira ndalama zotsalazo pamene ulendo wachipa koposa muyeso.

NJIRA YAKE

Zanzibar si malo acilendo m'mbiri yathu. Njira za amalonda a minyanga ya njobvu ndi akapolo zocokera ku maiko ano zinali kuthera kumeneko, kufikira msika wa akapolo unatsekedwa m'caka ca 1873, caka comweco David Livingstone anafera kwa Chitambo. Lero munthu amapita mwaufulu wake, pa msewu wodzera pa Nakonde ndi Tunduma, pa ndeke, kapena potsata njanji ya TAZARA, imene italika makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi. Zanzibar inagwirizana ndi Tanganyika kupanga dziko la Tanzania mu April 1964, miyezi isanu ndi umodzi ife tisanalandire ufulu wathu, koma ili ndi Boma lakelake, kotero kuti mlendo amaonetsanso pasipoti pa doko ngakhale acokere ku Dar es Salaam. M'mwezi wa October 1964 ife tinali kukweza mbendera yathu. M'mwezi wa October 2024 Boma la Zanzibar linakhazikitsa inshuwaransi ya madola 44 imene alendo ocokera kunja amagula. Wokonza ulendo aiwerengere pamodzi ndi ndalama za sitima.

Mabwato a tsiku limodzi amanyamuka pa malo angapo. Pa gombe la mzinda wakale wa Stone Town pali timabwato tamatabwa topita ku kacisumbu ka Changuu, kumene Angerezi anamanga ndende m'caka ca 1893 koma osatsekeramo akaidi, ndipo kumene kuli akamba akuluakulu amene makolo ao anacokera ku Seychelles mu 1919. Pafupi pake pali mulu wa mcenga woyera wochedwa Nakupenda, ndiko kuti "ndikukonda", umene umaoneka madzi akaphwa ndi kumira madzi akadzala. Kumpoto cakum'mawa kuli matanthwe ozungulira Mnemba, kumene madzi ndi oyera mbee. Ndipo pa mudzi wa Fumba pamanyamuka mabwato amathanga opita ku zisumbu za m'dera la Menai, monga Kwale, kumene alendo amasambira pakati pa mitengo ya mikoko yomera m'madzi a mcere, nadya nsomba zoocha, nkhanu, mpunga ndi zipatso pansi pa mthunzi, nabwerera madzulo injini itazimitsidwa, mphepo yokha ikukankha thanga. Onsewa ndi maulendo abwino. Koma wofuna apomboo amauzidwa dzina limodzi: Kizimkazi.

KUONA PANSI PA MADZI

Tisanafike kumeneko, tinene za kusambira, pakuti apa mpamene munthu wa kwathu amacita mantha oyamba. Amene anakulira m'mbali mwa Luangwa kapena Zambezi anaphunzitsidwa ali mwana kuti madzi akuya ndi nyumba ya ng'ona ndi mvuu. M'nyanja ya Zanzibar mulibe ng'ona, mulibe mvuu, ndipo likodzo silikhala m'madzi a mcere. Madziwo ndi ofunda, ndipo cifukwa ca mcere amanyamula thupi kuposa madzi a mumtsinje. Koma ali ndi makhalidwe ena amene ife sitiwadziwa. Kawiri pa tsiku amaphwa, nabwereranso, pokokedwa ndi mwezi, ndipo pa masiku ena kusiyana kwake kumafika mamita 3 kapena 4. Malo amene munayenda ndi mapazi pa 10 koloko angakhale akuya kuposa denga la nyumba pa 4 koloko. Madzi akamayenda cotero amakoka ngati mtsinje wodzala, ngakhale pamwamba pali bata.

Cimene eni mabwato amacichula ndi mau a Cingerezi akuti snorkelling si cobvuta. Amakupatsani galasi lomangirira kumaso lobisa maso ndi mphuno, kapaipi kokhota kamene mumaluma m'kamwa mbali ina ili kunja kwa madzi, ndi nsapato zamphira zonga mapazi a bakha. Mumagona cafufumimba pamwamba pa madzi, nkhope pansi, ndi kupuma ndi m'kamwa mokha. Madzi akalowa m'kapaipi mumauzira mwamphamvu, aturuka. Galasi likacita nkhungu, mankhwala ake ndi malobvu: mumalabvulira m'kati, kupaka ndi cala, kutsukuluza pang'ono. Wosadziwa kusambira angathe kucita zonsezi atabvala jekete loyandamitsa, mnyamata wa m'bwato akumukoka pa mkombero woyandama.

Zimene munthu amaona pamenepo nzobvuta kufotokozera amene adziwa nsomba pa mbale pokha. Ife tizolowera pende ndi kapenta, zamtundu wa phulusa. Kumeneko kuli nsomba zacikasu, zobiriwira, zamizeremizere ngati mbidzi, zina zamilomo ngati ya mbalame zimene zimakukuta miyala mpaka munthu kumva phokoso lake m'madzi. Miyalayo, imene Aswahili amati matumbawe, si miyala wamba ai. Imamangidwa ndi tizilombo tating'onoting'ono tamoyo, monga ciswe cimanga culu, ndipo mitundu ina imakula sentimita imodzi cabe pa caka. Munthu amene watopa naimirira pa iyo kuti apume amathyola m'kamphindi cimene cinatenga zaka zambiri kumera. Yambiri inafa kale mu 1998 pamene madzi a Indian Ocean anatentha koposa, ndipo zinacitikanso mu 2016. Pakati pake pamabisala tinyama takuda taminga yaitali ngati ya nungu, wopondapo saiwala.

MOYO WANU M'BWATO

Safunsa anadya phula. Musanalipire, funsani kuti akuonetseni majekete oyandamitsa, ndipo muwawerenge pamodzi ndi anthu okwera. Mukhale ndi limodzi la mwana ngati muli ndi mwana, pakuti mwana amapulumuka m'jekete la munthu wamkulu ngati nsomba m'dzanja. Anthu a ku Zanzibar adziwa bwino kuopsa kwa kudzaza cotengera: usiku wa pa 10 September 2011 sitima ya MV Spice Islander I inamira pakati pa Unguja ndi Pemba itasenza anthu ndi katundu koposa muyeso, ndipo mazanamazana anafa; mu July 2012 ya MV Skagit inamiranso pocokera ku Dar es Salaam. Izi zinali sitima zazikulu, koma lamulo la madzi ndi limodzi kwa kabwato ka anthu khumi. Mukaona kuti mwapanikizana, tsikani, ndalama ipite.

Mphepo nayo ili ndi nyengo zake ziwiri. Kuyambira December kufika March imaomba yocokera kumpoto cakum'mawa, yochedwa kaskazi. Pambuyo pake imatembenuka niomba kucokera kumwera, ndipo iyi ndi kusi, mbale wake wa mwera, imene imalimba mu June, July ndi August. Popeza Kizimkazi ili kumwera kwenikweni kwa cisumbu, kusi amaipeza poyera, ndipo masiku amenewo mafunde amadwalitsa nseru ngakhale amuna olimba. Koma nyengo yomweyo, kuyambira July kufika October, ndiyo imene anangumi amadutsa pafupi. Mvula yaikulu imagwa kuyambira March kufika May, ndipo eni dziko amaichula masika. Musadabwe, mau amene kwa ife atanthauza nthawi yokolola kwa iwo ndi nthawi ya matope.

Pali msampha winanso waung'ono. Aswahili amayamba kuwerenga maola a tsiku pamene dzuwa lituruka, kotero kuti 7 koloko ya m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba, ndipo 6 koloko ndi ola la 12. Popangana nthawi ndi mwini bwato, muonetsane pa wochi.

MUDZI WA ASODZI

Kizimkazi ili pafupifupi makilomita 60 kucokera ku Stone Town, ndipo wofuna kusunga ndalama amafikako pa timabasi ta daladala, nagona komweko kuti alawire. Kwenikweni ndi midzi iwiri, Dimbani ndi Mkunguni. Ku Dimbani kuli mzikiti umene pa khoma lake pali zolembedwa za caka ca 1107, umodzi wa mizikiti yakale koposa m'gombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Anthu ake ndi Asilamu, ndipo mlendo waulemu sayenda m'mudzi ndi zobvala zosambira, ndiponso sadya poyera masana m'mwezi wa Ramadan.

Pomboo si nsomba, ngakhale aoneka ngati nsomba. Ndi nyama yamagazi ofunda, yopuma mpweya monga ife, kudzera pa kabowo ka pamwamba pa mutu, ndipo cifukwa cake amaturukira pamwamba kawirikawiri. Wamkazi amakhala ndi bere miyezi 12, nabala mwana mmodzi, namuyamwitsa zaka zingapo asanabalenso. Amapeza cakudya monga mleme upeza njira mumdima: amaliza timau tating'ono, namva kubwerera kwake. Cifukwa ca ici makutu ake ndiwo maso ake, ndipo phokoso la injini kwa iye lili ngati fumbi m'maso mwa munthu. Ndipo popeza sangaleke kupuma, sagona tulo tofa nato. Mbali imodzi ya ubongo imagona pamene inzake ili maso, gulu lonse likuyenda pang'onopang'ono pafupi ndi pamwamba.

M'madzi a Kizimkazi mukhala mitundu iwiri. Wocuruka ndi pomboo wotuwa wa mlomo ngati khosi la botolo, wotalika mamita awiri ndi theka, amene akakula amacita mathothomathotho pamimba. Winayo ali ndi linunda pamsana ngati ng'ombe ya Angoni, ngwamanyazi, ndipo sacoka m'madzi osaya a pafupi ndi gombe. Mitundu yonse iwiri ndi eni mudzi, si apaulendo ai. Amene mlendo awaona lero ndiwo omwewo amene anaonedwa dzulo ndi caka catha.

Kale asodzi a kumeneko anali kuwapha ndi mikondo. Nyama yake inali ndiwo, inanso inali nyambo yochera ashaki, ndipo mafuta ake anali kupakidwa pa matabwa a mabwato kuti madzi asalowe. M'caka ca 1992 alendo oyamba anayamba kulipira asodzi kuti akawaonetse apomboo amoyo, ndipo posacedwa anthu anaona okha kuti pomboo wophedwa amadyedwa tsiku limodzi, koma wamoyo amabweretsa ndalama m'mawa uli wonse. Uzimba wotsiriza unacitika mu 1996, ndipo apomboo 23 anaphedwa m'caka cimeneco. Caka cotsatira, 1997, Boma linalengeza dera la Menai Bay, la makilomita 470 m'bwalo lake lonse, kukhala malo osungidwa. Ici tiyenera kucinena momveka, pakuti ena amanyoza maulendowa monga ngati ndi oipa okhaokha: ndalama za alendo, ndi za alendo osauka omwe, ndizo zinacotsa mkondo m'dzanja la msodzi.

M'MAWA WA PA KIZIMKAZI

Tsono taonani m'mene m'mawa wa masiku a alendo ambiri umakhalira. Kukali mbuu, magalimoto ocokera ku mahotela afika pa gombe. Mabwato ambiri si amatabwa ai, koma opepuka, a injini ya kumbuyo, othamanga. Amabalalika panyanja, woyendetsa ali yense maso ali pa madzi ndiponso pa anzake. Mmodzi akaona zipsepse zikuturuka, sabisa, pakuti kutembenuka kwa bwato lake kokha kwauza onse, ndipo mafoni a m'manja amatsiriza nchitoyo. M'kamphindi gulu limodzi la apomboo lazingidwa ndi mabwato khumi kapena kuposa. Woyendetsa amathamangira kutsogolo kwa gululo, nalidula njira, napfuula kuti alendo alumphe. Anthu amadziponya m'madzi phava, phava, nsapato zamphira m'mwamba. Apomboo amamira. Amene ali ndi mwai amaona mithunzi yotuwa ikupita pansi pake. Ena amaona thobvu ndi miyendo ya anzao. Onse amakwera m'bwato akupuma wefuwefu, injini ilira, ndipo zomwezo zicitikanso, kasanu, kakhumi, kufikira alendo atatopa. Pamene awa acoka, ena afika.

Pa nthawi yotere munthu wosambira ali pakati pa mapropela a mabwato amene oyendetsa ake akuyang'ana apomboo, osati mitu ya anthu. Ici cokha cikwanira kuti kholo lisalole mwana wake kulumpha.

Akatswiri aona cimene cipwirikiti cimeneci cicita kwa nyamazo. Kwa zaka zambiri a Per Berggren a ku Sweden, a Omar Amir a ku Zanzibar komweko ndi anzao, pogwirizana ndi Institute of Marine Sciences ya Yunivesite ya Dar es Salaam, akhala akulondola apomboo a m'derali. M'zimene zinasindikizidwa mu 2007 anaonetsa kuti apomboo aakazi amene ali ndi ana amangokhalira kuyenda pamene mabwato ndi osambira acuruka. Mu 2010 anaonetsanso kuti mabwato akakhala pafupi, gulu limacepetsa nthawi yopuma ndi yoceza, nilicurukitsa nthawi yoyenda. Kwa munthu woona tsiku limodzi ici cioneka cacing'ono. Koma nchembere ili yonse idziwa cimene cimacitika kwa mai woyamwitsa amene amadzutsidwa nthawi zonse akati agone, ndi kwa khanda limene limacotsedwa pa bere lisanakhute.

NDANI AMALIPIRA?

Nkwapafupi kudzudzula woyendetsa bwato, koma tiyambe taona m'mene ndalama imayendera. Mlendo sagula ulendo kwa mwini bwato nthawi zambiri. Amagula pa hotela, kapena kwa anyamata oyenda pa gombe ndi m'makwalala a Stone Town, amene eni dziko anawapatsa dzina lakuti papasi, ndiko kuti nkhufi. Pa ndalamayo wogulitsa amadulapo yake, wa galimoto yake, Boma msonkho wa malo osungidwa, mwini bwato yake, petulo yake. Zotsala ndizo za woyendetsa ndi mnyamata wake. Mlendo akanenerera mtengo mpaka pansi, petulo satsika mtengo, msonkho sutsika. Cimene cimatsika ndi gawo la anthu awiri amene ali panyanja. Iwo tsono amayembekezera ya m'manja imene mlendo wokondwa amapereka potsika, ndipo anaphunzira kuti mlendo amakondwa ngati wasambira pafupi ndi pomboo najambula cithunzi. Ndiponso bwato limene latsiriza msanga lingathe kutenga gulu lina. Cotero wothamangitsa apomboo amadya, wodekha amagona ndi njala.

Malangizo alipo, ndipo eni mabwato awadziwa. M'caka ca 2005 anapanga bungwe lao lochedwa KIDOTOA kuti aphunzitsane ndi kulangizana. Malangizowo anena kuti bwato liyandikire pang'onopang'ono, cam'mbali ndi cakumbuyo, osadula njira. Kuti pa gulu limodzi pakhale mabwato owerengeka kwa nthawi yocepa. Kuti munthu atsetserekere m'madzi mwakacetecete, osalumpha. Kuti asakhudze nyama. Ndi kuti gulu lokhala ndi ana lisiyidwe. Bvuto nlakuti panyanja palibe wapolisi pa mphambano ili yonse, ndipo munthu mmodzi sangadekhe yekha pamene anzake khumi akuthamanga ndi alendo ao akuomba m'manja.

Ife a kuno sitiyenera kudabwa ndi nkhani yotere, pakuti tinaiona kwathu. Ca m'ma 1950 Mfumu Nsefu ya Akunda, pogwirizana ndi Norman Carr, inapatula dziko m'cigwa ca Luangwa kuti alendo azilipira poona nyama m'malo moziombera, ndalama zikupita kwa eni dziko. Ana ndi adzukulu a alenje ndiwo operekeza alendo lero ku Mfuwe. Koma ku Luangwa woperekeza amalemba mayeso asanapatsidwe cilolezo, ndipo ngakhale mwana wa sukulu adziwa kuti suthamangitsa njobvu ya mwana ndi galimoto kuti mlendo ajambule. Nakonso magalimoto amaunjikana pa nyalugwe mmodzi, tisadzinamize. Koma mlendo amene angapemphe kuti atsike akagwire mcira wa mkango angasekedwe ndi onse. Cimene tikana pamtunda tisakacipemphe panyanja cifukwa cakuti nyama ya kumeneko iluma kamodzikamodzi ndipo nkhope yake ioneka ngati ikumwetulira. Kumwetulirako ndi kapangidwe ka nsagwada cabe. Pomboo wotopa ndi wakufa yemwe amaoneka cimodzimodzi.

Mphamvu ya mlendo ili pa gombe, bwato lisananyamuke. Pamenepo angathe kuuza woyendetsa, pamaso pa okwera onse, kuti iye safuna kuthamangitsa, kuti akhutira kuona ali m'bwato, ndi kuti ya m'manja adzapereka cifukwa ca kudekha, aone apomboo kapena asawaone. Abale kapena anzao a pa nchito asanu ndi mmodzi akasonkha natenga bwato laolao, mau ao amalemera kuposa a munthu mmodzi wokwera pakati pa alendo osawadziwa, ndipo mtengo wa ali yense sukwera kwenikweni. Kupangana ndi mwini bwato ku Kizimkazi komweko kumasiya ndalama zambiri m'mudzi. Ndipo amene akulonjezani kuti mudzasambira ndi apomboo mosalephera akulonjeza cinthu cimene si cake; angacikwanitse pokhapokha pozunza nyamazo.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Bwato likakhala patali ndi anzake, injini itazima, nthawi zina gulu limabwera lokha. Coyamba kumveka ndi mpweya, pfuu, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, kenaka misana yonyezimira ikukwera ndi kutsika pamodzi, kamwana katakangamira pa mbali ya mai wake. Nthawi zina amadzera pansi pa bwato, natembenuka cam'mbali kuyang'ana anthu ndi diso limodzi. Masiku ena sabwera konse, ndipo mlendo amabwerera ndi nsomba za pa matumbawe zokha, mpunga wa kokonati ndi msana wopsa ndi dzuwa. Pakuti tisaiwale, dzuwa la panyanja limaocha khungu lakuda lomwe.

KUWERENGA OTSALA

Mabwato a alendo si mdani yekha wa pomboo, ndipo si ndiwo amapha ambiri. Maukonde aatali a jarife, amene asodzi amachera usiku kufuna nsomba zazikulu, amakola apomboo, ndipo nyama yopuma mpweya ikakodwa pansi pa madzi imamira monga munthu. Msodzi sacita dala, ndipo ukonde wake umaonongeka, koma mtembo ndi mtembo. Ici ndi cifukwa cina cimene nchito ya alendo iyenera kukhala yolongosoka m'malo mothetsedwa: mnyamata amene bwato lake lasowa alendo amabwerera ku ukonde.

Pakati pa 1999 ndi 2002 akatswiri aja anawerenga apomboo a kumwera kwa Unguja, napeza kuti otuwa anali pakati pa 136 ndi 179, ndipo a linunda pakati pa 58 ndi 65. Pamene anawerenganso a linunda m'caka ca 2015 anapeza 19 okha, osawerengera ana. Mu 2017 bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pafupi kutha, linaika mtundu umenewu pakati pa zimene zili pangozi m'maiko onse kumene upezeka, kuyambira ku South Africa kufika ku India. Tsoka lake nlakuti ukhala m'madzi osaya a pafupi ndi gombe, momwe muli maukonde, mabwato ndi mahotela atsopano.

Kawerengedwe kake nkotere. Cipsepse ca pamsana pa pomboo cimang'ambika ndi kucita zipsera m'moyo wake, polumana ndi anzake kapena pokhudzana ndi zingwe, ndipo palibe ziwiri zofanana, monga mwini khola adziwa ng'ombe zake ndi nyanga ndi maanga. Akatswiri amajambula cipsepse ciri conse cimene caturuka pamwamba, nafanizira ndi zithunzi za zaka zam'mbuyo, kotero kuti adziwa wamkazi amene wabala, mwana amene wakula, ndi amene sanaonekenso. Oyendetsa mabwato akale a ku Dimbani ndi Mkunguni nawonso amazindikira ena ndi maso okha, ndipo mlendo amene afunsa mwaulemu angaonetsedwe.